Lipoti la nkhani: mayi amene ankaoneka odwala mu Disembala, matenda enieni atabisala mu Epulo

Ndine namwino wa matenda a maganizo, ndimagwira mu timu yoyendera odwala m'makomo kuno kumpoto kwa England. Nkhani iyi ndailemba mwini wake atavomera. Dzina ndabisa, tauni ndabisa, tina ting'onoting'ono ndasintha kuti wina wa ku tchalitchi kwawo asawazindikire poti a Malawife kuno timadziwana ngati a m'mudzi umodzi. Ndiziwatchula kuti mayi basi. Chandikakamiza kulemba ndi choti nyengo yozizira iliyonse ndikumamva anzathu akuuzana pa WhatsApp kuti "ndi dipuleshoni ya winta imeneyo, gula nyale ija, pempha mapilitsi kwa GP", ndipo kwa ambiri malangizowa ndi abwino ndithu, koma kwa ena ochepa, amene ali ndi bipolar, matenda amene maganizo amatsika kwambiri nthawi ina n'kukwera mopyola nthawi ina, ndi mafuta pa moto.

Mmene tinakumanirana

Kalata ya changu inachokera kwa GP wawo, dokotala wa m'dera amene munthu amayambira kuonana naye kuno, mu sabata yachiwiri ya Epulo 2024. Mayi a zaka 34, ana awiri ali ku Malawi ndi agogo awo, banja linatha kale, anabwera ku UK mu Meyi 2022 pa viza ija ya osamalira okalamba, amakhala ndi mng'ono wawo yemwe ali pa yunivesite. Mng'ono wawoyo ndi amene anawakokera kwa dokotala chifukwa anali atatha masiku 9 akugona maola awiri, pena atatu. Ku ofesi anati poti chilankhulo ndi chimodzi pita ndiwe, nde tinapita awiri ndi mnzanga wa timu ya crisis, yothandiza odwala maganizo zinthu zikavuta mwadzidzidzi.

Tinafika cha m'ma 10 m'mawa. Pa sitovu pali mapoto atatu onse akuwira, makatani onse otsegula, pakhoma la pabalaza amata mapepala aakuluakulu olembedwa ndi maka, mivi kuloza uku ndi uko, pena alemba ufa wa kondowole, pena nsinjiro, pena nyumba yosamalira okalamba ku Lilongwe ya mabedi 40. Pa tebulo pali Baibulo lotsegula, pambali pake ikuyaka nyale yowala kwambiri ija yothandiza SAD (Seasonal Affective Disorder), dipuleshoni yobwera ndi nyengo yozizira. Mayi atavala bwino kwambiri, mafuta onunkhira, anandigwira manja onse awiri ngati tinakulira limodzi. Kuyankhula kwake kothamanga, Chichewa ndi Chizungu kuphatikiza, ndikafunsa za tulo ayankha mawu awiri kenako ali pa mtengo wa simenti kenako pa maloto a Yosefe. Kuwadula kunali kosatheka, ndipo mnzanga atayesa anakwiya mwachangu, mphindi imodzi kenako akuseka.

"A nesi, mwabwera mochedwa. Nthawi imene ndimadwala munali kuti? Pano ndachira kumene, sindinamvepo bwino chonchi chibwerereni kuno."

Mawu amenewo ndinawalemba mmene anawanenera mu notsi zanga, chifukwa mbali ina ankanena zoona. Ankadziwa komwe ali, tsiku, mwezi, zonse. Sankamva mawu a anthu osaoneka. Zoti Mulungu wawasankha pa bizinesi ankazinena mwamphamvu koma ukawafunsa modekha ankavomera kuti mwina akuthamanga kwambiri. Maganizo odzipha panthawiyo panalibe. Mng'ono wawo anandikokera ku khitchini n'kundionetsa pa foni, ngongole ziwiri za pa intaneti zotengedwa mu sabata imodzi, ndalama zina za chipereganyu cha amayi a ku tchalitchi zomwe achemwali akewo ankasunga zatumizidwa kumudzi kwa munthu wogulitsa puloti yemwe sanamuonepo n'komwe, ndipo kuntchito anawabweza kunyumba atakangana ndi manijala pamaso pa okalamba. Mtsikanayo akunjenjemera anangoti "asisi, achemwali anga si otere."

Mbiri imene inali mu faelo, ndi imene inalibemo

Mu faelo munali nkhani yomveka bwino. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala 2023 mayi anayamba kulemera thupi, kugona maola 11 kapena 12 tsiku la ofu koma kudzuka otopa, kulakalaka buledi, mabisiketi, tiyi wa shuga wambiri, sikelo kukwera, kusiya kuyankha mafoni a ana, kusiya kwaya. Ankati manja ndi miyendo ngati amangirira njerwa. Mu Disembala anakaonana ndi GP, pa mafunso oyeza kukula kwa dipuleshoni otchedwa PHQ-9 anapeza 19 pa 27, anawauza kuti chaka chathanso zinali chimodzimodzi kuyambira Novembala mpaka Febuluwale. Dokotala analemba kuti ndi dipuleshoni yotsata nyengo, anawayambitsa mankhwala a dipuleshoni otchedwa sertraline 50 mg, mu Januwale n'kukweza kufika 100 mg poti sizinkasintha. Mu Januwale momwemo ndi mmene ankaganiza kuti bola kungogona osadzukanso, izi anandiuza patapita miyezi, kwa dokotala sanazitchule. Mu Febuluwale anagula nyale pa intaneti mnzawo atawauza. Pa bokosi analemba mphindi 30 m'mawa, koma iwo poti amagwira naiti ankaiyatsa akaweruka kwa ola lathunthu kapena kuposa, komanso madzulo asanapite kuntchito kuti tulo tichoke.

Dokotala ameneyu sindikumuimba mlandu ayi. Zimene anaona zinali zoona, munthu anali wotsika kwambiri ndipo zizindikiro zake ndi za m'buku. Vuto ndi loti funso la miyezi ina ya chaka olo analifunsa, mayi akanayankha kuti ndimakhala bwinobwino, chifukwa kwa iwo miyezi imeneyo sinali matenda.

Mbali imeneyi ndinaipeza pa ulendo wachitatu atayamba kugonako. Ndinatenga pepala n'kujambula mzere wa miyezi kuyambira Meyi 2022, tikulemba limodzi ndi mng'ono wawo mwezi ndi mwezi. Sindinafunse kuti munakhalapo osangalala mopyola, funso limenelo kwa munthu wa kwathu silitanthauza kanthu, ndani angadandaule kuti wasangalala. Ndinafunsa za maola a tulo, za mashifiti, za ndalama. Nde zinatuluka. Kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi 2023, asanamwepo mankhwala aliwonse, mayi ankagona maola anayi osamva kutopa, ankatenga ovataimu iliyonse imene yapezeka, anayambitsa gulu la mapemphero a 4 koloko m'bandakucha, ankaimbira foni achibale amene anasiyana nawo kalekale, analipira fizi ya ana a anthu atatu omwe si awo. Zinatha zokha patapita masabata atatu kapena anayi. Palibe anadabwa. Kuntchito anawayamikira, kumudzi anati mwana wathu Mulungu wamutsegulira, ku tchalitchi anati mayi awa ali pa moto. Apa ndi pamene matendawa amatibisalira ife, munthu wotsika timamutcha waulesi kapena kuti akusowa kwawo, munthu wokwera timamutcha wolimbikira, wodzozedwa.

Mayi awo omwe ali kumudzi anawonjezera china pa mavoisi noti, mwana wawo atawaloleza. Akuti mu 2017 atangobereka mwana wachiwiri, patatha masiku ochepa, anasiya kugona, ankaimba usiku wonse, ankachapa zovala zochapa kale, anafuna kuyenda wapansi kupita ku tauni khanda lili kumbuyo. Anawatengera ku mapemphero, patatha mwezi zinaphwa, nkhaniyo banja linaikwirira. Komanso mchimwene wa bambo awo ankadziwika m'mudzi kuti chaka china amagulitsa mbuzi zonse n'kumalalikira pa msika, chaka china osatuluka m'nyumba. Agogowo pomaliza anati "ife timayesa zinatha, mwana wanga." Zinthu ziwirizi, kusokonekera atangobereka ndi wachibale wa magazi amene ankakwera n'kutsika, kwa ife ndi mabelu aakulu a bipolar.

Chimene chinayatsa moto wa 2024 chikuonekanso pa mzere uja. Mankhwala a sertraline okha opanda china chotchinga, nyale yoyatsa nthawi yolakwika komanso motalika, masiku akutalika, kenako wikendi ya Pasaka. Chaka chimenecho Pasaka inagwa pa 31 Malichi, tsiku lomwelo limene mawotchi a kuno amapita kutsogolo ndi ola limodzi. Mayi anagwira naiti Lachinayi, Lachisanu anachezera ku mapemphero, Loweruka naiti ina, Lamulungu ku tchalitchi tsiku lonse. Kuchokera pamenepo tulo sitinabwererenso.

Zoyeza

Magazi sanaonetse chachilendo chachikulu. Chithokomiro chili bwino, izi timayeza nthawi zonse chifukwa chikathamanga chimafanana ndi mania, kukwera mopyola kuja, chikafooka chimafanana ndi dipuleshoni. Impso bwino, shuga bwino, calcium bwino, HIV alibe, mimba alibe, mkodzo sunaonetse mankhwala ozunguza bongo, mowa samwa, ma steroid sankamwa. Vitamin D anali wotsika, zomwe n'zofala kwa ife a khungu lakuda kuno, ndipo ayironi anali wochepa pang'ono. Ziwirizi tinazikonza koma sizingafotokoze munthu wogona maola awiri n'kumalemba mapulani pakhoma. ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima, inali bwino.

Chimene tinagwirizana kuti ndi matenda ake

Mu timu tinakambirana kwa nthawi. Dokotala wachinyamata ankati izi zabwera ndi sertraline, tisamupatse munthu dzina la matenda a moyo wonse chifukwa cha mapilitsi. Mfundo yake si yopanda pake ndipo ine ndimalemekeza munthu wosathamangira kumata dzina. Koma a consultant, dokotala wamkulu wa timu yathu, anayankha ndi zinthu zitatu, kukwera kwa 2023 kunachitika opanda mankhwala, za 2017 zinachitika ku Malawi kopanda nyale kopanda sertraline, ndipo kukwera kwa tsopano kunapitirira kwa masabata mankhwalawo atasiyidwa kale. Funso lina linali loti ndi bipolar I kapena II. Kusiyana kwake mwachidule, hypomania ndi kukwera kwa masiku osachepera 4 komwe anthu amaona kuti wasintha koma moyo sukupasuka, mania ndi kwa sabata kapena kuposa, kapena kofika pogonekedwa m'chipatala, ndipo kumawononga ntchito, ndalama, ubale. Za 2023 zinali hypomania. Za 2024 ntchito inali pa ngozi, ngongole, ndalama za eni, masiku opitirira 7, nde ndi mania olo sanagonekedwe. Tinalemba bipolar I yotsata nyengo, kutsika nthawi yozizira, kukwera masika a kuno.

Anthu ambiri amaganiza kuti SAD ndi matenda apaokha. Mu DSM-5, buku limene madokotala amatsata potchula matenda a maganizo, si choncho, kutsata nyengo ndi chizindikiro chongowonjezera pa matenda ena, chingathe kumatidwa pa dipuleshoni yobwerezabwereza kapena pa bipolar, bola zichitike nyengo yomweyo zaka ziwiri zotsatizana ndi kumatha nyengo ikasintha, komanso zisakhale chifukwa cha zinthu ngati ntchito kutha chaka chilichonse mwezi womwewo. Ndiye munthu akanena kuti ndili ndi SAD, theka la funso layankhidwa, theka lina ndi loti SAD yake yakwera pa msana pa chiyani.

Ubale umenewu unalipo kuyambira pachiyambi penipeni. Amene anatchukitsa dzina la SAD ndi Norman Rosenthal, dokotala wobadwira ku Johannesburg yemwe anasamukira ku America mu 1976 ndipo iye mwini anaona mphamvu zake zikutsika nthawi yozizira ya ku New York. Mu 1984 iye ndi anzake a ku National Institute of Mental Health anasindikiza lipoti la odwala 29, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi bipolar, makamaka bipolar II. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti mwa anthu onse otsika nthawi yozizira ochuluka alibe bipolar, izi ndinene momveka kuti wina asachite mantha, koma gulu lomwe lili nayo si loti n'kulinyalanyaza. Ndipo taonani zizindikiro za mayi athu mu Disembala, kugona kwambiri, kudya kwambiri, thupi kulemera ngati mtovu. Ndi zizindikiro za SAD, komanso ndi mmene dipuleshoni ya bipolar imakonda kuonekera. Mu Disembala awiriwa nkhope ndi imodzi, amasiyana mu Epulo.

Chifukwa chake chili pa wotchi ya m'thupi. Kuwala kukalowa m'maso uthenga umapita ku kagawo kakang'ono ka ubongo kotchedwa suprachiasmatic nucleus, kameneka ndi kamene kamauza thupi kuti kwacha kapena kwada, kamalamula nthawi yotulutsa melatonin yobweretsa tulo. Ku Lilongwe tsiku lalifupi kwambiri limakhala maola 11 ndi pang'ono, lalitali pafupifupi 13, wotchi imeneyi sigwedezeka kwenikweni. Kuno mu Disembala kuwala ndi maola 7 ndi theka, dzuwa kutuluka 8 koloko itadutsa n'kulowa 4 isanakwane, mu Juni kuwala kufika pafupifupi maola 17. Munthu wa naiti mu Disembala amaweruka kuli mdima, akagona n'kudzuka kwada kale, akhoza kutha sabata osaona dzuwa. Anthu a bipolar wotchi yawo ndi yosachedwa kusokonekera, ndipo kusowa tulo kwa iwo kumayambitsa kukwera, kukwerako n'kuchotsanso tulo, zikumangozungulira choncho. Mayi athu matendawa anabwera nawo kuchokera kwathu, za 2017 ndi umboni. Chimene England inachita ndi kuwapatsa kalendala.

Chithandizo

Tsiku loyamba lomwelo a consultant anaimitsa sertraline, nyale tinaizimitsa mng'ono wawo n'kukaisunga ku chipinda chake. Tinayamba quetiapine, imodzi mwa mankhwala amene malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala kuno, amatchula pa mania, kukwera mpaka 400 mg, ndipo tinaisankha chifukwa imathandizanso mbali ya kutsika. Timu ya crisis inkabwera tsiku lililonse kwa masabata awiri. Zogonekedwa tinazikambirana, tinasiya poti mayi ankavomera mankhwala olo monyinyirika, mng'ono wawo anali pakhomo, ndipo anavomera kupereka makadi a ku banki ndi makiyi a galimoto. Za galimotozi tinawauzanso kuti lamulo la kuno limafuna kuti a DVLA, ofesi ya ziphaso zoyendetsera galimoto, adziwitsidwe. Madzulo magetsi ochepa, makatani otseka kuyambira 8 koloko, foni kunja kwa chipinda. Usiku wachinayi anagona maola 6. Mapepala a pakhoma anawachotsa okha sabata yachitatu, ndipo tsiku limenelo analira kwambiri, manyazi a ndalama za chipereganyu anawagwera onse nthawi imodzi. Masabata otsatira kukwera ndi oopsa, munthu akuona zimene waononga mphamvu zikadalipo, nde tinkafunsa za kudzipha mosabisa ulendo uliwonse.

Pa mankhwala a nthawi yaitali tinakambirana atakhazikika. Valproate tinaichotsa pa mndandanda msangamsanga chifukwa imavulaza mwana m'mimba ndipo kuno malamulo ake kwa amayi oti angathe kubereka ndi okhwima. Mayi ali ndi kachipangizo kolerera ka pamkono, komabe tinaichotsa. Tinagwirizana lithium, kuyambira mu Juni. Kuyeza magazi sabata iliyonse poyamba, maola 12 chimwereni, mpaka mlingo unakhazikika pa 0.7, cholinga chinali pakati pa 0.6 ndi 0.8. Kenako miyezi itatu iliyonse, impso ndi chithokomiro ndi calcium miyezi 6 iliyonse. Tinawapatsa kabuku kapepo kaja ka lithium kolembamo zotsatira. Manja ankanjenjemera pang'ono mwezi woyamba, ludzu, kukodza pafupipafupi. Quetiapine tinaitsitsa kufika 300 mg koma anali atawonjezera makilogalamu 6 ndipo izi zinkawapweteka mtima kuposa kunjenjemera.

Nkhondo yaikulu inali ya naiti. Mayi ankaopa kuti akanena za matenda abwana awachotsa pa sponsa, viza n'kutha, ana kusiya sukulu. Mantha amenewa ndimawamva kwa pafupifupi aliyense wa viza imeneyi ndipo si opeka. Tinalemba kalata yosatchula zambiri, kudzera kwa a zaumoyo wa pantchito, kupempha mashifiti a masana okhaokha pansi pa Equality Act 2010 yomwe imafuna olemba ntchito asinthe zimene angathe kwa munthu wa matenda okhalitsa. Zinatenga miyezi iwiri koma zinatheka. Ndalama zinachepa poti naiti imalipira bwinoko. Za ku tchalitchi ndinayankhula ndi amayi abusa mayi atandilola, sindinapite kukatsutsa pemphero, inenso ndimapemphera, ndinangopempha kuti mayi awa asamaikidwe pa mapemphero ochezera ndi a m'bandakucha. Amayi abusawo anamvetsa kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ndi iwo amene anakhala pakati pa nkhani yobweza ndalama za gulu pang'onopang'ono.

Mu Okutobala 2024 anapita kumudzi ku mwambo wa chiliza cha bambo awo, masabata atatu, mwezi wotentha kwambiri kwathu. Apa ndinakhala nawo pansi ola lathunthu chifukwa lithium amatuluka kudzera mu impso ndipo thupi likauma amachuluka m'magazi mpaka kukhala poizoni. Madzi ambiri, mchere asasinthe kadyedwe, akatsegula m'mimba kapena kusanza kapena malungo asiye kumwa lithium apite kuchipatala ndi kabuku kaja, Thanzi ORS akhale m'chikwama. Mutu ukapweteka panado basi, asagule bulufeni, diclofenac kapena indosidi pa golosale chifukwa amenewa amakweza lithium. Zizindikiro zoopsa tinazilemba m'Chichewa pa kapepala, kunjenjemera kwambiri, kudzandira ngati woledzera, lilime kulemera, kusokonezeka. Mankhwala oteteza malungo a mefloquine ndi oletsedwa kwa munthu wa mbiri ngati iyi, anamwa Malarone. Mankhwala onse m'chikwama cha m'manja, okwanira ndi otsala, ndipo ngati wina angafune kuwasinthira ku carbamazepine adziwe kuti ameneyo amafooketsa kachipangizo kolerera ka pamkono kaja. Ndinawatchuliranso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Lilongwe ndi Mzuzu ngati zitavuta. Kusiyana kwa nthawi ndi ola limodzi kapena awiri okha, chimene ndinkaopa ndi usiku wa mu ndege ndi mausiku a pa mwambo. Anapita n'kubwera bwino, mlingo atabwerera unali 0.8.

Nyengo yozizira yotsatira

Anabwerera mawotchi atangobwezedwa kumbuyo pa 27 Okutobala, kuchoka pa dzuwa la kwathu kugwera mu mdima. Pakati pa Novembala kutsika kunayamba, koma sikunafike pa chaka chatha, PHQ-9 inafika 13, kuntchito sanajombe, ana ankawaimbira. Sitinabwezere sertraline. Tinaika kuyenda panja mphindi 30 nthawi ya nkhomaliro olo kuli mitambo, chifukwa kuwala kwa panja tsiku la mitambo kumaposabe kwa m'nyumba kutalitali, nthawi yodzuka imodzimodzi olo pa ofu, vitamin D tsiku lililonse, ndi magawo a CBT, chithandizo chokambirana chothandiza kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe. Mu Disembala zitakanika kusuntha a consultant analola nyale ibwerere, koma mwa njira ina, masana osati m'mawa kwambiri kapena usiku, kuyamba mphindi 15 n'kumawonjezera pang'ono sabata ndi sabata. Njira imeneyi inachokera pa kafukufuku wa Dorothy Sit ndi anzake wa 2018, amene anapatsa kuwala kwa masana anthu a dipuleshoni ya bipolar omwe anali kale pa mankhwala otchinga mania, ndipo anathandizika kuposa amene anapatsidwa kuwala kofooka. Mawu ofunika ndi oti anali kale pa mankhwala otchinga. Nyale inali yomwe ija ya pa tebulo pambali pa Baibulo, chosintha ndi nthawi, mlingo, ndi lithium pansi pake. Tinagwirizana kuti akagona maola osakwana 5 mausiku awiri otsatizana nyale izime ndipo andiimbire. Pofika kumapeto kwa Januwale PHQ-9 inali 7, ndipo nyale tinaisiya pakati pa Febuluwale masiku asanatalike kwambiri.

A bungwe la Bipolar UK amati kuno munthu amatha zaka pafupifupi 9 ndi theka asanauzidwe kuti matenda ake ndi bipolar. Kwa mayi athu kuwerenga kuyambira 2017 ndi zaka 7, ndipo ndikaganiza za zimenezi chimandiwawa ndi choti mfundo zonse zinalipo, zinangogawikana, agogo akusunga za 2017, mng'ono wawo za 2023, GP za Disembala, palibe anaziika pa pepala limodzi. Kuyambira pa nkhani iyi aliyense wobwera kwa ine ndi kutsika kwa nthawi yozizira ndimamujambulira mzere wa miyezi 24 asanatuluke, ndimafunsa ngati pali nyengo imene amagona pang'ono osatopa, ngati anachitapo za ndalama zomwe pambuyo pake anadabwa nazo, zimene zinachitika atabereka, ndi ngati kubanja kuli amalume kapena azakhali amene anthu amangoti mutu wawo umayendera mwezi. Ndipo ndimapempha kuyankhula ndi wachibale mmodzi, chifukwa kukwera mwini wake sakuona.

Chomwe sichinathe ndi ichi. Ulendo wapitawu mayi anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anati "asisi, ndikudziwa munandithandiza, koma munandilanda Epulo wanga. Ndi mwezi wokhawo umene ndimamva ngati ndine munthu kuno." Sindinawatsutse chifukwa ndikudziwa kuti atatha miyezi inayi ali pansi pa bulangete, kukwera kuja kumakoma, ndipo anthu ambiri amasiya lithium pa chifukwa chimenechi, komanso kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa mania msanga. Ndinangowapempha kuti tsiku limene aganize zosiya andiuze ine kaye asanasiye, anati aganizira. Ngongole imodzi yatha, ina ikadalipo, puloti ija sinapezeke. Ndikulemba izi mu 2025, mawotchi asintha pa 30 Malichi, nde tapangana kuonana Lachitatu lake lisanafike tsikulo ndi Lachitatu lotsatira, magazi tiyeza sabata yomweyo, Pasaka apita ku mapemphero a masana okha, ndipo mng'ono wawo wagula kakope kolembamo maola a tulo komwe akusunga pamwamba pa fuliji.